Nambala ya Magetsi pa Maliro a Adadi

Adadi, ndabwera. Ndikudziwa kuti nkhani zanga simunkazikonda, ndikangoyamba kulongosola munkakweza wailesi. Lero mulibe wailesi, ndiye mumva basi. Nkhani yake ndi yochititsa manyazi, moti Tadala wandiletsa kuifotokozanso pagulu. Koma inu si gulu. Inu ndinu eni ake maliro, ndipo muyenera kudziwa chimene chinachitika kumbuyo kwanu tsiku lija.

Ndiyambe ndi mawu anu, chifukwa pamlanduwu nanunso muli ndi mbali yanu.

Mukukumbukira tsiku lija tinaima pa windo la flat yathu ku Thamesmead, kuno ku London, pansi pakudutsa galimoto ya maliro? Basi inaipitirira. Wa njinga wina, chikwama cha delivery kumsana, anadula kutsogolo kwake osacheuka n'komwe. Inu munapukusa mutu.

"Limbani, taona. Munthu wapita uyo, koma palibe wavula chipewa. Ku Ndirande amaika masamba pamsewu. Wa njinga amatsika, wa minibasi amatsitsa nyimbo. Ine ndayendetsa anthu pa taxi m'tauni muno mpaka imvi, koma tsiku langa likadzafika ndidzadutsa ngati katundu."

Munaseka n'kupita kukatenga tiyi. Ine sindinaseke, ndinangosunga mawuwo.

Mutatisiya, anthu anadzaza m'flat muja kudzagawana ntchito. Tadala, mchemwali wanga, poti ndi nesi ku Romford ndipo amatha kulankhula ndi maofesi, anatenga zonse za mapepala. Manda anasankhanso yekha, kufupi ndi kuntchito kwake, kuti azikuonani akaweruka. Amalume a Jere, aja a Masters ya ku Greenwich imene sitipuma nayo, anatenga zolankhula. Ine, mwana wanu woyamba, wolekeza Fomu Thu, wotsuka magalimoto, anandiyang'ana komalizira ngati akufunafuna poika mpando wothyoka.

"Limbani, iwe zako ndi za magalimoto," anatero Tadala. "Uonetsetse kuti anthu achoka kutchalitchi n'kukafika kumanda. Chimodzi chokhacho. Utha?"

"Utha" ameneyo anandibaya, Adadi. Ndinalumbira mumtima kuti aona.

Masamba pamsewu kuno sizingatheke, a khonsolo angakupeze usanamalize kuthyola nthambi. Ndiye ndinakadandaulira Kelvin, mnzanga wa ku Lusaka uja wogulitsa makava a foni m'buti ya galimoto yake. Anandimvetsera bwinobwino, kenaka anatulutsa chinthu chokulungidwa m'thaulo.

"Mudala, masamba ni vakudala. Ona ichi."

Inali nambala ya galimoto, koma yagalasi, ngati ka TV kakatali. Anadina pa foni, nambalayo n'kulemba dzina langa. Anadinanso, n'kulemba lake.

"Ni ya ku America iyi. Digito. Ulemba vilivonse vamene ufuna."

"Kuno n'zololedwa?"

"Iwe, nindani angaimike maliro?"

Mtengo wake anaunena motsitsa mawu, ngati dokotala akuuza munthu za matenda. Ndingoti TV yanga yaikulu ija tsopano ili pa khoma kwa Kelvin. Panalinso kenakake kolipira mwezi ndi mwezi kuti nambalayo izikhala yamoyo. Ndinadabwa kuti nambala ya galimoto nayonso imafuna lendi, koma ndinaganiza kuti bambo safa kawiri.

Ndinamasula nambala yakumbuyo ya galimoto yanu yasiliva ija. Nambala yachikasu ija, yothetheka pakona, imene munkaipukuta m'mawa uliwonse ndi sokosi yakale, mukuti nambala yakuda ili ngati munthu wosasukusula. Nditaigwira m'manja, mtima unandiwawa. Kuitaya sindikanatha. Ndiye pa nthawi yoona nkhope, Tadala ataika Baibulo lanu m'bokosi, ine ndinawerama ngati ndikukonza nsalu, n'kuilowetsa m'mbali mwa mwendo wanu. Ndinati dalaivala asapite opanda nambala yake. Palibe anaona. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso.

Panali chinthu chinanso chimene ndinakonza. Pa maliro ena chaka chatha anthu anapatsidwa postcode ya kumanda, kanambala kolondolera njira pa foni, ndiye aliyense anadzera njira yake. Bokosi likufika linapeza anthu atakhala kale m'magalimoto, akudya makirisipi. Ine zimenezo pa bambo anga ayi. Mwambo wa kutchalitchi utatha ndinaimirira.

"Abale, postcode palibe. Kwathu maliro timawatsata pambuyo. Kutsogolo kukhala bokosi, kenaka galimoto ya Tadala ndi abusa, kenaka ine. Nonsenu muziyang'ana nambala yanga. Pomwe ndakhota, khotani. Pomwe ndaima, imani."

Amalume anakweza chala. "Mphwanga, logistically..."

"Amalume, lero si za logistically."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Amalume anatsitsa chala chawo.

Adadi, ndikanakonda mukanaona mmene tinanyamukira. Nambalayo inkawala ngakhale kunali kamvula. Inkalemba FUNERAL kuti eni dziko amve, kenaka A MBEWE APITA kuti athu amve, kenaka nambala yanu yeniyeni, n'kuyambiranso. Dalaivala wa basi anatipatsa mpata mdipiti wonse. Gogo wina wachizungu pa siteji anaweramitsa mutu. Ndinalira ndili pa chiwongolero. Ndinati mukuona, Adadi? Akudziwani. TV ndi chiyani?

Tisanafike n'komwe ku Woolwich, amalume kumbuyo anayamba kundithwanimitsira magetsi.

Ndinayang'ana pa foni. Panali kabwalo kakang'ono kakuzungulira, ndi mawu akuti nambala yayamba apudeti, musaithimitse. Sindinaipemphe apudeti ine! Mlungu wonse inali pakhomo osachita kanthu, koma inasankha tsiku la maliro a bambo anga kuti idzikonze. Kumbuyoko dzina lanu linali litachoka, patatsala kabwalo komweko, kakungozungulira ngati galu wofuna pogona.

Ndinaganiza mwachangu. Tikapitirira chonchi, mudutsa mzinda wonse ngati katundu, monga munanenera. Ndinati ndingopatuka pang'ono pa filling station, ndidine apa ndi apo, bokosi ndikalipeza pa maloboti. Ndinakhota.

Nditayang'ana pagalasi, ndinaona mdipiti wonse ukukhota pambuyo panga, mahazadi akuthwanima. Galimoto ya bokosi ndi ya Tadala zinapitirira, osadziwa kuti mchira waduka.

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, Mayi Nkhoma, mtsogoleri wa kwaya ya amayi uja, anali atatsika kale. Mukuwadziwa, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo tsiku limenelo anabwera osagona. Anakonza duku, anayang'ana mapampu a mafuta, n'kuyambitsa nyimbo. Amayi onse anatsika n'kupolokozana nawo. Bambo wina amene ankathira dizilo anangouma, paipi ili m'manja.

Amalume anavula magalasi awo n'kuyamba kulankhula.

"Abale, mwamuona mwanayu? Sukulu sanapite nayo patali, koma mwambo akuudziwa kuposa ife. Akuwadutsitsa bambo ake m'malo amene ankagwiramo ntchito, kuti atsanzike. Apa ndi pamene malemu ankathira mafuta."

Adadi, inu simunathirepo mafuta pamenepo. Munkati ndi akuba.

Wina kumbuyo anafunsa, "Koma bokositu lapita?"

"Bokosi lapita, inde," anatero amalume. "Koma munthu wa taxi mzimu wake uli m'galimoto yake."

Kenaka anabwera n'kundigwira paphewa. "Mphwanga, ndinakuderera. Wandichititsa manyazi lero. Well done."

Mundiuze inuyo, ndikanatani? Chibadwire changa amalume anali asanandiyamikirepo. Ndili mwana ankandifunsa mataimusi pamaso pa alendo. Lero akundigwira paphewa, misozi ili m'maso, ndiye ine ndiwauze kuti ayi amalume, ndi apudeti? Ndinaweramitsa mutu ngati munthu wozama nzeru, n'kuzembera kuseri kwa makina opopera matayala kukamuimbira Kelvin.

"Kelvin, chinthu chako chikungozungulira!"

"Aa, mudala, ifuna wifi iyo. Data ya foni siikwana. Peza wifi chabe, izasila manje manje."

"Ndili pa maliro!"

"Nanga ku maliro kulibe wifi?"

Ndinakumbuka kuti kutsogolo, chakufupi ndi Charlton, kuli kashopu ka nkhuku yokazinga kolembedwa pa windo kuti wifi ndi yaulere. Ndi njira yomweyo yopita ku tanelo yodutsa pansi pa mtsinje, ndiye ndinadziuza kuti sitikutaya kanthu. Ndinakwera, ndinaliza galimoto. Pomwe ndakhota, khotani. Anakhota.

Pashopupo poimika galimoto panalibe. Ndinaimika pa mizere yachikasu yoletsa kuimika, ndipo onse anandandalika pambuyo panga mpaka m'njira ya mabasi. Ndinathamangira mkati. Mwini shopu, bambo wandevu zoyera, anati pasiwedi ndi ya ogula okha. Ndinagula. Ndinatuluka ndili mu suti yakuda, duwa pachifuwa, kabokosi ka nkhuku m'manja, n'kupeza Mayi Nkhoma ayambitsa kale nyimbo ina.

Apa ngakhale amalume anakayikira pang'ono. Anayang'ana chikwangwani cha shopu, anayang'ana ine. Aliyense ankadziwa kuti Tadala anakuletsani zokazinga kalekale chifukwa cha shuga ndi BP, ndipo inu munkalumbira pamaso pa abusa kuti mukungodya masamba owiritsa.

"Mphwanga, apanso...?"

Ndisanayankhe, mwini shopu uja anatuluka kudzaona phokoso. Maso ake anagwera pa pulogalamu ya maliro imene inali m'manja mwa Mayi Nkhoma, pamene panali chithunzi chanu. Anagwira pakamwa.

"Mister Mbewe? No!"

Anatiuza kuti munkabwera Lachisanu lililonse. Zidutswa ziwiri, opanda tchipisi. Munkakhala pa mpando wapakona, wosaonekera kumsewu, ndipo pochoka munkati mwana wanga wamkazi akadzabwera pano, simukundidziwa. Anati mwana wake atadwala, inu munawatengera kuchipatala n'kukana ndalama. Analowa mkati n'kuzimitsa nyimbo za m'shopu mwake, anabwerera n'kudzaima nafe, manja kumbuyo.

Amalume anandiyang'ana ngati aona mneneri. "Unkadziwa?"

Sindinkadziwa, Adadi. Ndinkakhala nanu nyumba imodzi, ndinkakutsukirani galimoto, koma sindinkadziwa. Ndinaima pamenepo ndi nkhuku yanga, ndikuganiza kuti kodi ndi zingati zina zimene mwapita nazo.

Foni inalira. Anali Tadala.

"Muli kuti?"

"Tikubwera."

"Limbani, ife tafika. Kuno kuli ine, abusa ndi anthu onyamula bokosi basi. Akuti pambuyo pathu pali maliro ena, sangadikire mpaka kalekale."

"Uwauze adikire mwana woyamba!"

"Kuno si ku Ndirande. Fulumira."

Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Kwathu adzukulu amakhala pansi pa mtengo kudikira mpaka mwana wochokera ku Joni afike. Kuno dzenje la munthu lili ndi nthawi yake ngati kwa dokotala wa mano. Ndinayang'ana pa foni, kabwalo kanali katatsala pang'ono kutseka. Ndinati kamphindi kamodzi kokha.

Nthawi yomweyo panafika wapolisi, ataitanidwa ndi mzere wa mabasi amene anali ataima kumbuyo kwathu. Anali bambo wamtali, waulemu wake. Anafunsa chimene chikuchitika, amalume n'kumufotokozera m'Chingerezi chawo chija cha Masters kuti tikuperekeza dalaivala m'malo amene ankakonda. Wapolisiyo anayang'ana amayi akuimba, anayang'ana chithunzi chanu, ndipo anavula chipewa.

Imvani bwino apa, Adadi. Wapolisi anavula chipewa. Basi yansanjika inali itaima, anthu a pamwamba akusuzumira chete. Wa njinga wina wa delivery, poti njira inali itatsekeka, anatsika n'kumaikankha pang'onopang'ono podutsa. Shopu inali itazimitsa nyimbo. Zonse zimene munazifuna pa windo paja zinachitika, mu London muno, pakhomo pa shopu ya nkhuku. Kungoti inu munali kutsidya la mtsinje.

Ndiye nambala ija inamaliza apudeti yake.

Inathima, inayaka, n'kuonetsa kankhope kozungulira komwetulira, pambali pake mawu akuluakulu akuti HELLO! Dzina lanu inali italiiwala. Nambala yanu inali itaiiwalanso. Inabwerera mmene inachokera kufakitale, yosangalala ngati mwana wa ku nazale.

Nyimbo inadukira pakati. Mayi wina anakuwa, "Mayo! Akutipatsa moni!" Mayi Nkhoma anabwerera m'mbuyo mpaka kuponda phazi la amalume.

Wapolisi anavalanso chipewa chake. Anawerama, anaigogoda nambalayo ndi chala, n'kundifunsa modekha kuti ichi n'chiyani. Ndinati ndi ya ku America. Anati pano si ku America, ndipo galimoto singayende pamsewu ikupereka moni m'malo mwa nambala. Koma anali munthu wachifundo. Anati poti ndi maliro, ndingobwezeretsapo nambala yeniyeni pompo, andilola ndipite.

"Have you got the original plate, sir?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Sir? Where is it?"

Anthu onse ankandiyang'ana. Nkhuku inali itazizira m'manja.

"It's in the coffin, officer."

Wapolisiyo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndikukhulupirira kuti ku sukulu yawo ya upolisi funso limeneli sanaphunzire. Amalume anavala magalasi awo pang'onopang'ono.

"Mphwanga. Pa filling station paja. Tinkatsanzika chiyani?"

"Inali apudeti, amalume."

"Ndipo pano?"

"Wifi."

"Ndalankhula kawiri ine," anatero amalume, mawu ali pansipansi. "Ndalira pamaso pa pampu ya dizilo."

Galimoto yanu tinaikankhira m'kamsewu ka m'mbali n'kuisiya komweko, wapolisi atandipatsa kapepala koti ndidzamukumbukire nako. Postcode ija ndinaiwerenga mokweza pakati pa msewu, aliyense akulemba pa foni yake osandiyang'ana. Ndinakwera kumbuyo kwa galimoto ya amalume, pakati pa amayi awiri a kwaya. Pa tanelo panali mzere. Njira yonse mpaka ku Romford palibe analankhula, kupatula mayi wina amene anandifunsa ngati nkhukuyo ndidya.

Tinapeza zonse zitatha. Mtumbira unali utaumbidwa, nkhata zili pamwamba, kathirakitala kofotsera kakubwerera kumalo kwake. Chapatali anthu a maliro ena anali atayamba kale mwambo wawo. Tadala anali ataima yekha pafupi ndi abusa, nsapato zili matope. Dothi loyamba, limene linayenera kuchoka m'dzanja langa, anaponya ndi iye. Lachiwiri abusa. Lachitatu anapempha mzungu wina wa chipewa chachitali, woyendetsa galimoto ya bokosi, kuti dzenje lisaoneke losiyidwa.

Ndinadikira kuti andikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukununkha nkhuku," anatero.

Za Lachisanu zija sindinamuuze, Adadi. Chinsinsi chanu ndinachisunga mpaka pa geti ya manda, pomwe Mayi Nkhoma anamuuza zonse.

Tsopano pa gulupu ya pa foni aliyense akuloza ine. Akuti Limbani anasocheretsa maliro. Chabwino, ndavomera mbali yanga. Koma ndifunse. Anthu akuluakulu, ena manesi, ena maakauntanti, ena a Masters, mukuona bokosi likupita uko, inu n'kumatsata kabwalo kozungulira? Palibe ndi mmodzi yemwe anati imani kaye, tikuimbira ndani pano? Ndinati pomwe ndaima imani, inde, koma chiyambire liti anthu amenewa kumvera ine? Moyo wanga wonse sanandimverepo. Anasankha tsiku limodzi lokhalo.

Kelvin akuti TV sangabweze chifukwa nambalayo ikugwira ntchito bwinobwino. Akunena zoona. Ili pansi pa bedi langa, ndipo nthawi zina imayaka yokha n'kundipatsa moni. Ndikaiona ndimaganiza za yachikasu ija. Inayenda nanu pa chisanu ndi pa dzuwa, sinapemphepo tchaja, sinafunepo wifi, sinaiwalepo kuti ndinu ndani. Chimene inkafuna ndi sokosi yakale basi.

Kwathu mwambo ukatha amaimirira munthu n'kutchula amene anabwera. Ine nditchula amene sanafike pamene munkatsitsidwa, kuti muwadziwe. Amalume a Jere, eni mbumba, sanafike. Mayi Nkhoma ndi kwaya yawo yonse sanafike. Madalaivala anzanu a taxi, anthu odziwa msewu uliwonse wa mzinda uno, sanafike. Kelvin, amene analonjeza kudzaona mmene katundu wake akugwirira ntchito, sanayese n'komwe. Ndipo Limbani Mbewe, mwana wanu woyamba, wamkulu wa za mayendedwe, sanafike.

Pa galimoto yanu yonse ndi anthu ake, chimene chinafika kumanda pa nthawi yake ndi nambala yapulasitiki ija. Muipukuteko, Adadi. Ine ndaphunzirapo kuti chinthu chofuna wifi sapatsa udindo pa maliro.